Tinthata ta m'Matiresi a Amayi

Matiresiwo ndinagula ndine. Ndinawagula ku Limbe, okhuthala kuposa chikhatho changa, ndipo anatsika mapiri mpaka pa boma la Chikwawa atamangidwa pa galimoto ya matola. Kuchoka pa boma kukafika kumudzi kwathu kwa Kasisi anayenda pa njinga ya kabaza, atapindidwa pakati. Mwini njinga sankatha kupalasa nawo bwino, ndiye mbali yaikulu ya ulendo anangokankha. Palibe munthu wa m'mphepete mwa njira amene sanawaone.

Bambo anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Ana tilipo awiri: achimwene anga, omwe amayendetsa thirakitala ku esiteti ya nzimbe, ndi ine, mtolankhani ku Blantyre. Tinagawana ntchito. Iwo anamangira amayi nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, simenti pansi, mawindo a magalasi. Ine ndinatenga za m'kati: bedi, matiresi, mapilo awiri, makatani olemera a buluu, ndi kapeti wa kuchipinda.

Kufikira tsikulo amayi anali asanagonepo pa china kupatula mphasa. M'mawa uliwonse ankaitulutsa n'kuitsamiritsa kumpanda, dzuwa n'kuiwotcha mpaka madzulo. Nthawi yotentha ankagona panja, monga amachitira aliyense kuchigwa kuno.

Tsiku lomwe matiresi analowa m'nyumba, amayi a kutchalitchi anabwera kudzaona. Ankalowa kuchipinda awiriawiri, aliyense kukhalapo pang'ono, kudzigwedeza, n'kutuluka akuseka. Womaliza kulowa anali mnzawo wa amayi wa nyumba yoyandikana, Msena wa ku Tengani wokwatiwa m'mudzi mwathu, wogulitsa nsomba zouma za makakana pamsika. Ife timati amayi aang'ono ngakhale palibe chibale.

"Shamwali, apa mukagona simudzukanso," anatero. "Khasu lichita dzimbiri."

"Lichite. Ndinabereka ine," anayankha amayi.

Chifuwa chinayamba dzinja lachiwiri. Poyamba kunali kuyetsemula m'mamawa, kasanu kapena kakhumi motsatizana, ndi maso oyabwa. Kenako kupuma kunayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala anawayeza makhololo, chifuwa chachikulu sichinapezeke. Anati ndi mphumu, n'kuwapatsa mankhwala opopera m'kamwa, omwe amayi anangowatcha kapampu. Mphumu yoyamba munthu atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi inatidabwitsa, koma zoti tinene chifukwa chake sizinativute. Kwathu kuli fumbi la mumsewu. Kuli phulusa lakuda lomwe limagwa akamawotcha nzimbe. Kuli mphepo yochokera ku Shire. Aliyense anasankha chake.

Achimwene anasankha zonse zitatu. Analamula kuti mawindo asamatsegulidwe. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma anatitseka ndi nyuzipepala zakale zomwe ine ndinkabweretsa. Ine ndinawonjezera bulangete lachiwiri. Tinagwirizana kuti amayi asamakhale panja madzulo, ndiponso kuti akamva kubanika azipita kukagona. Choncho tsiku lomwe adwala kwambiri ndi lomwe ankakhala nthawi yaitali pa matiresi, chitseko chili chitsekere.

Ndinkawaimbira foni m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito, n'kulemba m'kabuku kuti apopera kangati dzulo lake. Patatha zaka ziwiri ndinawerenga kabukuko kuchoka koyamba, ndipo zomwe zinali m'menemo sizinkagwirizana ndi zomwe tinkanena. Masiku oipa anali mu Januwale mpaka Epulo, mvula ikugwa, fumbi kulibe. Mu Okutobala ndi Novembala, fumbi likuchita kulowa m'mano, phulusa la nzimbe likugwera m'ndowa za madzi, masamba ambiri anali opanda kanthu. Panalinso milungu iwiri ya mu Malichi yopanda kupopera ngakhale kamodzi. Imeneyo ndi milungu yomwe anaperekeza amayi aang'ono ku maliro a mchimwene wawo ku Tengani, komwe ankagona pa mphasa m'chigulu cha azimayi. Atabwerako tonse tinati kusintha mphepo kwawathandiza.

Ndinawatengera kwa dokotala wa za chifuwa ku Blantyre, mayi wosachulutsa mawu. Anawamvetsera pamsana, kenako anatenga kabuku kanga n'kukawerenga nthawi yaitali kuposa momwe anawayezera.

"Amayi, mumagona pa chiyani?"

Amayi anawongola msana. "Pa matiresi. Anagula ndi mwana wangayu."

"Nanga mu Okutobala?"

"Mu Okutobala angagone m'malata ndani, adokotala? Kwathu si kuno. Timayala mphasa panja."

Dokotala anandiyang'ana, kenako anafotokoza. M'matiresi, m'mapilo, m'makapeti ndi m'makatani mumakhala tinthata tosaoneka ndi maso. Anthu ambiri sitiwachita kanthu, koma ena thupi lawo limadana nato, ndipo mphumu imayamba kapena kukula. Anati sangalumbire kuti ndi timeneti, chifukwa zoyezera pakhungu zomwe zikanatsimikiza iye analibe. Koma kabukuko kankaloza kumeneko. Anatiuza zochita: kuchotsa kapeti ndi makatani, kutsegula mawindo, kuchapa zofunda ndi madzi otentha, kuyanika matiresi padzuwa pafupipafupi, kuwakuta ndi chinsalu cha pulasitiki chosalowa fumbi. Chabwino koposa, anatero, ndi kubwerera pa mphasa.

Mu minibasi amayi ankayang'ana kunja mpaka titatsika mapiri onse. Titafika pa Thabwa anatembenuka.

"Ndiye mayi uja akuti m'nyumba mwanga muli nsikidzi?"

"Ayi amayi, si nsikidzi. Ndi tina tosaoneka."

"Tandiluma pati?"

"Sitiluma."

"Tosaoneka, tosaluma." Anayang'ana pawindo. "Iwe sukulu unapitadi."

Mlungu umenewo ndinawerenga chilichonse chomwe ndinapeza. Kanthatako kukula kwake sikafika theka la milimita. Kali ndi miyendo isanu ndi itatu, ndiye kuti abale ake ndi akangaude ndi nkhupakupa, osati nsikidzi. Kalibe maso. Chakudya chake ndi timamba ta khungu tomwe munthu aliyense amayoyola, waukhondo ndi wauve yemwe. Sikamwa madzi, kamayamwa chinyezi cha mumpweya, ndiye chifukwa chake kamaswana m'dzinja ndi m'chipinda chotseka, n'kuchepa pouma ndi padzuwa. Chodwalitsa kwenikweni ndi ndowe zake, zopepuka moti munthu akagubuduka pa matiresi zimauluka n'kulowa m'mphuno.

Kenako ndinapeza nkhani yomwe inandisangalatsa masiku awiri. Asayansi a maiko akunja anali atatenga tinthatati, mitundu ingapo, n'kuwerenga DNA yake yonse chilembo ndi chilembo. DNA ndi malangizo olembedwa m'kati mwa chamoyo chilichonse, onena momwe thupi lake limangidwire. Powerengapo anatulutsa mndandanda wa mapuloteni a kanthatako omwe amautsa matendawa, ena odziwika kale, ena atsopano. Wina mwa oopsa kwambiri ndi wogayira chakudya m'mimba mwake, yemwe amatulukira limodzi ndi ndowe. Anafufuzanso ngakhale mabakiteriya okhala m'matumbo a kanthu kosaoneka kameneka. Cholinga chawo n'choti tsiku lina munthu azidzayezedwa n'kudziwika puloteni yeniyeni yomwe ikumudwalitsa, kenako thupi lake lizolowezedwe pang'onopang'ono.

Tsiku lachitatu ndinayamba kufunsa. Ndinaimbira aliyense yemwe ndinkamudziwa wa zaumoyo. Kuyeza kwa mtundu umenewo, kapena mankhwala ozoloweza thupiwo, sindinapeze woti andiuze komwe mayi wa kwa Kasisi angakazipeze. Sindinapezenso woti andiuze kuti m'matiresi a kuchigwa kwathu muli mtundu uti. Ndinalemba nkhani ya m'nyuzipepala, inatuluka itadulidwa theka, pansi pa chithunzi cha kanthatako katakuzidwa, kooneka ngati chilombo cha msinkhu wa mbuzi. Ndinapita nayo kumudzi ngati umboni.

Achimwene anaiwerenga ataimirira, ali mu ovololo, akudikira basi ya shifiti ya masana.

"Chemwali, ichi chikanakhala mu matiresi tikanachimva chikuyenda."

"Achikuza ndi makina, achimwene."

"Ndionetseni chimodzi. Chimodzi chokha, ine ndikawatenthe ndekha."

Ndinabwereka galasi lokuzira zinthu kwa wokonza mafoni pa boma. Tinamasula msoko wa pakona pa matiresi, tonse atatu n'kumasuzumira mosinthana. Munali siponji yachikasu ndi fumbi lotuwa. Galasi la mafoni silikanatha kuonetsa, ndinkadziwa, komabe ndinayang'ana nthawi yaitali kuposa onse. Amayi anaseka mpaka kuseka kunasanduka kutsokomola, n'kupita kukatenga kapampu.

Mawa lake amayi atapita kumunda wa mapira, ndinachita zomwe dokotala ananena. Ndinatsegula mawindo, ndinasolola nyuzipepala m'timabowo, ndinawiritsa madzi n'kunyika zofunda. Matiresi ndinawakoka ndekha mpaka pabwalo n'kuwatsamiritsa kumpanda wa kumsewu, komwe dzuwa limafika tsiku lonse. Ndinali nditagula chinsalu cha pulasitiki chokutira, ndiye nachonso ndinachitambasula pa chingwe kuti chichoke fungo.

Zaka zomwe ndakhala m'tauni zinandiiwalitsa chinthu chomwe mwana aliyense wa kumudzi amadziwa. Mphasa imayanikidwa tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene amatembenuka. Matiresi satuluka panja popanda chifukwa. Akatuluka ndiye kuti pali wakodzerapo. M'nyumbamo munalibe mwana. Munali mayi mmodzi wokalamba, ndipo pambali pa matiresi ake panali pulasitiki wonga yemwe amayalira makanda ndi odwala osadzuka.

Pofika nthawi ya masana anthu awiri anali atadutsa kale mochedwetsa mapazi. Amayi aang'ono anabwera ndi kabotolo kokulunga m'chitenje, n'kundiitanira kuseri.

"Mwananga, zayamba liti?"

"Ziti?"

"Usachite manyazi, ukalamba ndi umenewu. Mizu iyi azimwa madzulo, theka la kapu. Amayi anga inawathandiza. Koma ukanayanika kuseri, mwanawe. Kumsewu?"

Ndinafotokoza za tinthata. Ndinafotokoza za chinyezi ndi dzuwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu mondimvera chisoni.

"Wanena bwino. Wina akafunsa, ndinena zomwezo."

Amayi anafika dzuwa litapendeka, khasu paphewa. Anaima pachipata, anayang'ana matiresi, anayang'ana pulasitiki. Uthenga unali utawapeza kale pa mjigo. Sanakalipe. Anaika khasu pansi, anagwira matiresi pakona n'kuyamba kuwakoka okha, akupumira m'mwamba. Nditathamangira kuti ndithandize anandikankha ndi chigongono.

"Iwe Lamulungu uli ku Blantyre. Ine ndili m'tchalitchi muno, pa benchi lachitatu. Ukudziwa kuti akhala patali bwanji ndi ine?"

Pulasitiki uja anamupereka kwa amayi aang'ono kuti azifunditsira nsomba mvula ikamagwa.

Madzulo ndinauza achimwene kuti njira yatsala imodzi, kuchotseratu matiresi. Anali atakhala pa njerwa akumasula nsapato za ku ntchito.

"Kuchotsa kupita nawo kuti?"

"Kulikonse. Ndiwatenge ine."

"Mudzi wonse unaona akulowa. Uonenso akutuluka? Anena kuti ana aja alanda. Anena kuti ine ntchito yatha, tagulitsa. Amayi abwerere pa mphasa ine ndikulandira ovataimu?"

"Achimwene, akubanika."

"Ndikuona, chemwali. Wowanyamula kupita nawo kuchipatala ndine, inu mumamva pa foni." Anakutumula nsapato. "Dokotala wanuyo walumbira?"

"Sanalumbire."

Anatambasula manja. Ndinali ndi kabuku, nkhani yanga yomwe, ndi DNA yowerengedwa kutsidya kwa nyanja. Ndinabwerera ku Blantyre, ndipo mlungu usanathe mawindo anali atatsekedwanso.

Mu Febuluwale wotsatira, mvula itagwa masiku anayi osaleka, amayi anaganiza zosesa kuchipinda. Anasesa kapeti ndi tsache, anakutumula mapilo, chitseko chili chotseka kuopa mphepo. Amayi aang'ono anawapeza cha m'ma teni koloko m'mawa atagwada pafupi ndi bedi, manja atagwira chitsulo, milomo itada, mawu osatuluka. Kapampu kanali pansi, katatha. Anawakweza pa njinga yamoto, amayi aang'ono atawagwira kumbuyo, m'matope mpaka kuchipatala. Ine ndinafika madzulo, ndinawapeza ali ndi chopumira okosijeni kumaso.

Anakhalamo masiku anayi. Tsiku lachitatu ankapuma bwino moti ankatha kudandaula za phala. Ndinagogoda matiresi a bedi la chipatala, okutidwa ndi chikopa cha pulasitiki chobiriwira.

"Mwaona amayi? Apa tinthata sitingakhale. Mwaona momwe mukupumira?"

"Ndi jakisoni."

Namwino yemwe ankadutsa anati zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, n'kupitirira.

Atatuluka ndinakhala nawo kumudzi masiku atatu. Tsiku lomaliza masana tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, iwo akusankha nyemba m'lichero. Ndinali nditakonza mawu ambiri. Ndinayamba ndi miyezi, Januwale mpaka Epulo, kenako Okutobala.

"Siya," anatero. "Ukuganiza kuti sindidziwa? Thupi ndi langa. Ndinadziwa ndili ku Tengani. Tsiku lachitatu ndinadzuka ndikuimba nawo nyimbo ya maliro mpaka kumapeto osapumira. Ndinadziwa."

"Ndiye bwanji, amayi?"

Anataya kanyemba kofumbwa.

"Bambo ako anafera pa mphasa yong'ambika. Alongo awo atalowa anayang'ana mphasayo, kenako anayang'ana ine. Ine ndinali nditagulitsa mbuzi zonse kuti inu awiri muphunzire, ndipo ankandiseka kuti ndikudyetsa ana a boma, oti akaphunzira sadzandikumbuka. Tsiku lomwe njinga ija inkakankhidwa mumsewu, mlamu wanga wamkulu anali pakhonde pake. Anaimirira kuti aone bwino."

"Amayi, anthuwo sakupumirani."

"Sandipumira. Koma adzandisambitsa ndi iwo. Tsiku limenelo adzalowa kuchipinda kuja, anayi kapena asanu. Andipeze pa bedi."

"Mukufulumizitsa tsikulo."

"Kapena." Anapeta nyemba kawiri. "Azungu ako awerenga kale m'mimba mwa kachilomboko. Akapanga mankhwala ubwere nawo, ndidzamwa."

Ndinawauza kuti sindikudziwa ngati mankhwalawo adzafike kuno, kapena liti. Anati ndiye basi.

Ndinapempha kuti aziyala mphasa pansi, pambali pa bedi, matiresi akhale oonetsa alendo. Anati munthu wogona pansi bedi lili pomwepo ndi wamisala, ndiponso amayi aang'ono amalowa osagogoda. Ndinapempha kuti ndigule matiresi ena atsopano. Anavomera msanga, koma ndinadziletsa ndekha: m'chipinda chomwecho, m'chinyezi chomwecho, miyezi ingapo tinthata tidzakhala titadzazamonso. Ndinapempha kuti abwere kudzakhala nane ku Blantyre nthawi ya dzinja. Anafunsa kuti mapira awapalirire ndani.

Tinatsutsana mpaka mthunzi unasuntha. Pomaliza anandipatsa zitatu. Windo la kuseri, losaoneka kumsewu, lizikhala lotsegula masana. Pilo mmodzi, wotha kwambiri, atayidwe m'chimbudzi. Kapeti achoke. Makatani anakana, chifukwa amaoneka panja. Matiresi sitinawatchulenso.

Ndinasiya timapampu tiwiri, kena kwa iwo, kena kwa amayi aang'ono. Ndinawaphunzitsa amayi aang'ono zomwe namwino anandiuza: mnzawo akalephera kumaliza chiganizo osapumira, kapena akapopera osasintha, asadikire achimwene, aitane njinga yamoto. Anabwereza mawuwo kawiri.

"Akakana kukwera?" ndinafunsa.

"Nkhabe, sangakane. Ndimuuza kuti akafera pano ndimugoneka pa mphasa."

Amayi anaseka pang'ono, mosamala, dzanja lili pachifuwa.

Kapeti ndinamupinda ndekha nditamanga mpango kumphuno. Anali wolemera kuposa tsiku lomwe ndinabwera naye. Nditamusenza kulunjika kuchipata, amayi anandiitana.

"Osati uko. Dzera kuseri, m'mapira. Ndipo wina akakufunsa, unene kuti ukukamuchapitsa ku Blantyre ndi makina, abweranso."

Ndinadzera m'mapira, matope akugwira nsapato. Ndisanafike pamsewu ndinakumana ndi mlamu wawo wa amayi, alongo awo a malemu bambo, akuchokera kudimba ndi mtolo wa chisoso. Tinapatsana moni. Anayang'ana kapeti paphewa panga.

"Nanga uyu akupita kuti, mwana wa achimwene?"

"Kukachapitsa, azakhali," ndinatero. "Ku Blantyre kuli makina ake. Abweranso."